Mutu 6: Timabowo Tinayi Tokha

1. Bedi la pakona

Anamutcha Kamphepo chifukwa sankakhazikika. Kusukulu, kumsika, pa siteji ya basi, iye ndi miyendo basi. Koma sabata imeneyo anakhala pansi. Anakhala pa kampando kachitsulo, pambali pa bedi la amayi ake, mu wodi ya azimayi, pansanjika yachiwiri.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mtsikana, mwana woyamba. Ndiye anali wodikirira wodwala.

Amayi ake anali telala. Chaka chathunthu ankavutika ndi ululu pansi pa nthiti zakumanja. Ululuwo ukabwera, ankasiya makina osokera n'kugwada pasimenti, thukuta lili kamukamu. Atawajambula, anapeza timiyala m'kathumba ka ndulu. Madokotala anati kathumbako kachotsedwe.

Aka kanali kachitatu kugonekedwa. Ulendo woyamba anawabweza chifukwa magazi ankathamanga kwambiri. Ulendo wachiwiri kamera ya opaleshoni inawonongeka. Opaleshoni yotereyi inkachitika Lachinayi lokha, ndipo oyembekeza anali ambiri.

"Akandibwezanso, sindidzapondanso pano," amayi anatero akupachika thawulo kumutu kwa bedi. "Ndikafere pa makina anga. Ndatopa kumanga ndi kumasula chikwama ngati wogulitsa kaunjika."

Kamphepo anakankhira chikwamacho kunsi kwa bedi. Ankawadziwa amayi ake. Akanena, anena.

2. Madontho a cholembera

Lachitatu masana kunabwera adokotala a opaleshoni, mayi wamfupi wa magalasi. Anatseka katani. Anavundukula mimba ya wodwala, n'kulembapo madontho anayi ndi cholembera.

"Sitikung'ambani, mayi. Tiboola timabowo tinayi. Aka ka pamchombo n'kolowetsera kamera. Ndi yowonda ngati cholembera ichi. Tiyamba tapopera mpweya m'mimba kuti ifufume, tione bwino. Titatu totsalati n'tolowetsera tizitsulo tatitali todulira ndi kupanira. Ife manja amakhala kunja, maso pa kanema. Kathumba kaja timakatulutsira pa kabowo kamodzi. Mawa opaleshoni. Mkuja muli kwanu."

"Nanga kusoka?" amayi anafunsa.

"Kabowo kalikonse kamodzi kapena kawiri."

"Aa! Ntchito yochepa kuposa kuika zipi pa siketi."

Onse anaseka. Ngakhale mayi wa pabedi loyandikana anaseka kuseri kwa katani.

Adokotalawo atatuluka, analowa ena. Bambo wachikulire, wa imvi mutu wonse, wamtali, wowerama pang'ono. Awa sanaseke.

"Ine ndine wogonetsa," anatero. "Anzanga akatha kukusangalatsani ndi timabowo, ine ndimabwera ndi mawu owawa. Mwana iwe, ndiwe wodikirira? Sendera pafupi. Tchera khutu.

"Kuyambira teni koloko usiku uno, chakudya ayi. Madzi oyera okha, pang'onopang'ono, mpaka sikisi m'mawa. Ikangokwana sikisi, pakamwa patsekedwe. Tiyi ayi. Mkaka ayi. Ngakhale supuni imodzi ya chilichonse, ayi.

"Anthu akamva za timabowo amati ndi kaopaleshoni kamasewera. Bowo ndi laling'ono, inde. Koma tulo take n'tofanana ndi ta munthu wong'ambidwa kuchokera pachifuwa mpaka pansi pa mchombo. Ndikakugonetsani, thupi lonse limalefuka. Pakhosi pali njira ziwiri, ya chakudya ndi ya mpweya. Mukakhala maso, thupi limadziwa kutseka ina n'kutsegula ina. Mukatsamwa mumatsokomola. Koma m'tulo tanga simutsokomola. Zimene zili m'mimba zikabwerera, zimatsikira m'mapapo. Ndipo za m'mimba zimawotcha. Mayi, ndinu telala. Mukudziwa mmene nsalu imapsera mukaiwalapo simbi. Mapapo amapsa choncho.

"Ntchito iyi ndaigwira zaka makumi atatu. Sindinaonepo munthu atafa ndi njala ya tsiku limodzi. Koma ndinafunditsapo nsalu kumaso kwa bambo wamphamvu, wonyamula matumba a simenti, chifukwa cha nthochi ziwiri. Anam'patsa ndi mkazi wake. Ankam'konda. Chifundo chinapha nkhwali.

"Ndiye mverani ichi chomaliza. Mukalakwitsa n'kudya, nenani. Ine sindimenya munthu. Ndimangosintha tsiku. Chimene sindingathe kukonza n'chimene mwandibisira. Wamva, mwana iwe?"

"Ndamva, adokotala."

"Bwereza."

"Sikisi ikakwana, pakamwa patsekedwe. Akadya, tinene."

Bamboyo anagwedeza mutu. Anapachika kachikwangwani kumutu kwa bedi. Panalembedwa kuti: OSADYA, OSAMWA.

3. Lachinayi

Sikisi inakwana. Kamphepo anachotsa botolo la madzi patebulo n'kulitsekera m'kabati. Anesi anabweretsa chovala chobiriwira chomanga kumsana. Anati amayi ndi achiwiri pamndandanda. Naini koloko.

Naini inakwana. Palibe anabwera.

Pansi panamveka ma ambulansi. Imodzi. Kenako ziwiri. Mphekesera inakwera masitepe msanga: basi yagubuduka, ovulala ndi ambiri, zipinda zonse za opaleshoni zadzaza.

Teni. Leveni.

Milomo ya amayi inauma n'kuyamba kung'aluka. Anati mutu ukuwawa. Anati akaimirira, pansi pakuzungulira. Kamphepo anapita pa tebulo la anesi katatu. Kachitatuko anesi sanadzutse n'komwe mutu.

"Dikirani. Ifenso sitikudziwa. Mwina lero, mwina ayi."

Thwelofu koloko ngolo ya chakudya inadutsa. Fungo linadzaza wodi yonse. Masupuni anayamba kulira m'mbale. Amayi anatembenukira kukhoma.

4. Azakhali

Nthawi yoona odwala itakwana, anatulukira azakhali, mlongo wa abambo ake a Kamphepo. Anali ndi saluni kumsika. Mawu awo ankafika munthu asanawaone. Ananyamula jumbo lodzaza.

"Alamu! Kodi muno akukusungani kapena akukuyanikani? Taonani milomoyo. Ngati chidendene cha m'chilimwe!"

"Sanadye chidyereni dzulo," Kamphepo anatero. "Sanalowebe."

"Chidyereni dzulo? Iwe Kamphepo, ndiwe wodikirira wodwala kapena mlonda wa kundende?"

Anatulutsa fulasiki. Anatulutsa buledi wopaka majarini, pakati pali dzira. Atatsegula fulasikiyo, fungo la tiyi wa mkaka linakwera. Amayi anatembenuka.

"Azakhali, adokotala anakaniza." Kamphepo analoza kachikwangwani.

"Zimenezo amapachikira aliyense. Tamvera kuno. Ine ndinang'ambidwa kawiri pobereka. Kuchokera apa mpaka apa. Kusala kudya n'kwa ife ong'ambidwa. Awa angowaboola ngati khutu la ndolo. Unamvapo munthu akusala kudya pokaboola khutu?"

"Anati tulo take n'timodzimodzi."

"Ee, sukulu yakupweteka mwana iwe. Wayamba kuphunzitsa azakhali ako za chipatala? Taona wotchi. Wani koloko iyi. Madokotala nawonso ndi anthu, apita kukadya. Ndadutsa pansipo, ovulala ali mbwee mpaka pakhonde. Lero kulibe opaleshoni, ndikulumbira. Ndiye alamu anga akomoke ndi njala chifukwa cha kapepala?"

Kamphepo anayang'ana pa tebulo la anesi. Panali mamita khumi okha. Akanatha kukafunsa. Koma anali atapitako kale katatu.

"Mwanangu." Mawu a amayi anali otsika. "Pang'ono pokha. Kungonyowetsa kukhosi. M'maso mukuchita mdima."

"Amayi..."

"Ndinakuyamwitsa zaka ziwiri. Sindinakuwerengere nthawi."

"Wamva?" azakhali anatero. "Mayi wako akupempha ngati wamasikini."

Kamphepo anaimirira. Anakoka katani mpaka kumapeto. Anathira tiyi m'kapu. Anawagwirira amayi kapuyo pakamwa. Anamwa yonse. Anathiranso ina. Ananyema buledi, n'kumanyika, n'kumawapatsa. Zidutswa ziwiri zinatha.

Nkhope ya amayi inabwerera. Anapuma mozama n'kutsamira pilo.

"Mulungu akudalitse, mwanangu."

"Mwaona?" azakhali anatero akutseka fulasiki. "Wafa ndani?"

5. Funso la anesi

Sipanathe theka la ola. Mateyala anamveka m'khonde. Katani inatseguka. Anali anesi aja, atanyamula faelo, kumbuyo kwawo bambo wokankha machira.

"Mwayi wanu, mayi. Chipinda chimodzi chatseguka. Adokotala ati atenge anthu awiri okha lero, inu ndi wina. Ena onse abwezedwa."

Azakhali anakankhira jumbo kunsi kwa bedi ndi phazi.

Anesi anatsegula faelo. Anafunsa za mano oikirira. Anafunsa za ndolo ndi mphete. Anachonga, anachonga.

"Mwadya kapena kumwa chilichonse kuchokera sikisi m'mawa?"

Amayi anayang'ana kudenga.

"Mayi, ndikufunsa inu."

"Funsani mwanayo," amayi anatero, maso ali kudenga. "Ndiye akundisunga."

Anesi anatembenukira kwa Kamphepo. "Nena zoona. Ngati adya, si mlandu. Tingowachotsa pamndandanda. Koma dziwa kuti malo ena apezeka pakatha miyezi itatu."

Miyezi itatu. Pansi pa bulangete, dzanja la amayi linagwira mkono wa Kamphepo. Linafinya. Azakhali anatsokomola, n'kuyamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Sanadye kanthu," Kamphepo anatero.

"Ngakhale madzi?"

"Ngakhale madzi."

Anesi anachonga. "Saina apa."

Anasaina.

6. Khomo la mzere wofiira

Machira anayenda. Khonde lalitali. Chikepe. Khonde lina, lozizira, lonunkha mankhwala. Kamphepo ankayenda pambali atanyamula masilipasi a amayi ake. Azakhali ankabwera m'mbuyo, ali chete koyamba m'moyo wawo.

Kumapeto kunali zitseko ziwiri zazikulu ndi mzere wofiira pansi. Pamzerepo panaima adokotala ogonetsa aja, atavala chipewa cha pepala. Maso awo anali ofiira ndi kutopa. Anali ataimirira chiyambire m'mawa.

"Aa, atelala anga. Pepani takuchedwetsani. M'mimbamo muli chiyani?"

"Njala yokha, adokotala," amayi anayankha, n'kuyesa kuseka.

Bamboyo anayang'ana Kamphepo. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mlonda wanga. Pakamwa panatsekedwa?"

Kamphepo anayang'ana masilipasi ali m'manja mwake. Anagwedeza mutu kuvomera.

"Wachita bwino. Ana ambiri amagonja. Khala pa benchipo. Ola limodzi ndi theka, ukawaona akuyasamula."

Zitseko zinatseguka. Machira analowa. Zitseko zinatsekeka.

7. Pa benchi

Benchi inali yamatabwa, yozizira. Pamwamba pa zitseko panali wotchi yaikulu. Inkati mphindi makumi awiri kuti ikwane thu koloko.

"Usachite nkhope ya maliro," azakhali ananong'ona. "Tiyi ndi madzi. Pano watsika kale."

"Nanga buledi?"

"Khala chete. Makoma ali ndi makutu."

Mphindi zitatu. Kamphepo anaimirira. Anakhala. Anaimiriranso. Anafika pa mzere wofiira n'kubwerera.

Mphindi zisanu ndi ziwiri.

"Ndikukanena."

Azakhali anamugwira siketi. "Wapenga? Ukufuna awatulutse? Ukufuna mayi ako akutukwane moyo wako wonse? Wasaina ndiwe. Womangidwa ndiwe."

Kamphepo anakoka siketi yake mwamphamvu mpaka inang'ambika m'mbali. Anadumpha mzere uja. Anamenya chitseko ndi manja onse awiri.

"Tsegulani! Chonde tsegulani!"

Anatuluka nesi wina, wovala chophimba pakamwa. "Iwe! Kuno sikolowa anthu. Bwerera kuseri kwa mzere."

"Amayi anga anadya. Amene alowa kumenewa. A ndulu."

Nesiyo anaima chilili. "Anadya chiyani?"

"Tiyi wa mkaka. Makapu awiri. Ndi buledi wa dzira."

"Nthawi yanji?"

"Wani koloko."

Nesiyo sanafunsenso. Anatembenuka n'kuthamanga. Chitseko chinatsala chikugwedezeka. Pa mpata wake Kamphepo anamva kulira kwa makina, kofulumira, kosalekeza. Anamva phokoso ngati la paipi yoyamwa madzi. Anamva mawu a adokotala ogonetsa. Sanali mawu a dzulo aja. Ankakuwa.

"Tsitsani mutu! Yamwani! Yamwaninso! Mpweya ukutsika!"

Anthu awiri ovala zobiriwira anachokera kukhonde akuthamanga. Anamudutsa ngati palibe munthu. Chitseko chinatsekeka.

8. Sitinaboole

Thu koloko. Hafu pasiti thu. Fili koloko.

Azakhali anayamba kupemphera chapansipansi. Kenako analeka. Kamphepo anakhala pansi penipeni, msana kukhoma, masilipasi pamiyendo.

Kotala pasiti fili zitseko zinatseguka. Machira anatuluka mothamanga, anthu anayi atawazungulira. Wina ankafinya thumba la mphira lowapopera mpweya. Wina ananyamula diripi m'mwamba. Kamphepo anangoona phazi la amayi ake ndi paipi yotuluka pakamwa. Chikepe chinawameza.

Adokotala ogonetsa anatuluka pomaliza. Kutsogolo kwa chovala chawo kunali kothimbirira. Anavula chipewa. Anakhala pa benchi ngati munthu wotula katundu.

"Bwera kuno."

Kamphepo anabwera. Anagwada.

"Ali moyo. Ndiyambe ndi zimenezo. Koma sakupuma okha. Makina ndi amene akuwapumira. Tawapititsa ku chipinda cha odwala mwakayakaya. Nditangowapatsa mankhwala a tulo, zonse zinabwerera. Tinayamwa zimene tinatha. Zina zinali zitatsika kale. Phapo lakumanja lapsa kwambiri."

"Nanga opaleshoni?" azakhali anafunsa. "Timiyala tija atichotsa?"

"Sitinaboole n'kabowo kamodzi komwe. Madontho aja akadali a cholembera."

Azakhali anagwira kukamwa.

"Achira?" Kamphepo anafunsa.

"Sindinama. Sindikudziwa. Masiku awiri kapena atatu akubwerawa ndi amene atiuze." Anapukuta nkhope ndi chipewa chija. "Unabwera kudzanena. Ndamva. Zatithandiza kudziwa chimene tikulimbana nacho. Koma mwana iwe, ndinakufunsa pakhomo apa. Ukanangoti 'anamwa tiyi', ndikanawabweza ku wodi. Akanakukalipira. Mwina sakanakulankhula sabata yathunthu. Basi. Panopa bwenzi akukukalipira."

Kamphepo sanalire. Misozi inakana.

"Ndiyenera kulemba zimene zachitika," bamboyo anapitiriza. "Anawapatsa ndani?"

"Ine ndinangobweretsa," azakhali anafulumira. "Aliyense amabweretsa chakudya kuchipatala. Ine za malamulo a muno sindizidziwa. Wodikirira ndi uyu. Womwetsa ndi uyu. Wosaina ndi uyu."

Adokotala anayang'ana azakhali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.  Anayang'ananso Kamphepo.

"Ndi zoona?"

"Ndinawamwetsa ndine. Ndinanamanso ndine. Kawiri."

Bamboyo analemba. Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Pali wodwala wina akundidikira. Iyenso sanadye chidyereni dzulo. Ndikhulupirira."

Analowa.

9. Foni

M'khonde munatsala anthu awiri. Sanayang'anane.

Foni inalira m'thumba la Kamphepo. Anaitulutsa. Anali abambo ake. Ankayendetsa lole ya katundu, ndipo tsiku limenelo anali kutali, ulendo wa masiku awiri.

Anaipereka kwa azakhali. Azakhali anabisa manja kumbuyo.

"Ayi. Ine achimwene sindilankhula nawo. Auze kuti zachitika zokha. Auze kuti madokotala alakwitsa mankhwala. Zimachitika. Adziwa bwanji?"

Foni inapitiriza kulira. Kamphepo anadina.

Kunamveka kulira kwa injini, ndi wailesi chapatali.

"Halo! Kamphepo wanga!" Abambo anali osangalala. "Atuluka amayi ako? Awaboola kale? Uwauze kuti ndawagulira nsalu kuno, yabuluu, aiona ndikafika. Halo? Ukundimva?"

Azakhali ankagwedeza mutu mwamphamvu, chala chili pamlomo.

Kamphepo anawafulatira.

"Ababa," anatero, "imitsani kaye lole pambali pa msewu. Muzimitse injini. Ndili ndi mawu."